Ndinawaika aRozina m'buku la eni masheya

Grace, foniyo yayamba kugwira mawu? Isendeze kuno. Ayi, isiye pomwepo, mawu anga sanasocherepo chibadwire. Ana inu mwakhala mukundivuta kuti amayi fotokozani za ku ntchito, tilembe, adzukulu adzawerenge. Chabwino. Za ubwana wanga ku Nsanje tizisiye, munazimva mpaka kutopa nazo. Lero ndikufuna ndinene za botolo lija lili pamwamba pa kabati, lomwe ndimakukalipirani mukaligwira. Ulembe momwe ndikuyankhuliramu, Grace, usakonze. Ukakonza ndidziwa, ngakhale sindiwerenga.

Chaka chimene Joze anasiya kuyamwa

Ntchito ine ndinaipeza pageti. Bambo anu anali atangochotsedwa ulonda ku Ginnery Corner, ndiye amayi ena a kutchalitchi anandinong'oneza kuti ku Limbe, ku fakitale ya jamu ndi majuwisi, akufuna azimayi osenda mango chifukwa inali nyengo yake. Ndinalawirira kuchoka kuno ku Chilobwe, mpeni wanga m'chitenje. Kufika pageti, khamu! Kapitawo, a Mbewe, munthu wamfupi wa kamimba, anatuluka akuyankhula ngati udzudzu: "Amene munasendako mango, mbali iyi." Palibe anamva. Ine ndinali pafupi nawo, ndiye ndinangotembenuka: "AKUTI AMENE MUNASENDAKO MANGO, MBALI IYI!" Agalu a kutsidya kwa njanji anayamba kuuwa. A Mbewe anagwira khutu.

"Mayi inu, mwameza wayilesi?"

"Ayi bwana, ndi kubadwa."

"Lowani. Musende musasende, muzindiyankhulira."

Dzina la Wayilesi linayambira pamenepo, ndipo mpaka lero ku Limbe mukafunsa Esinati palibe akuyankheni.

Mango atatha aganyu onse anauzidwa kuti apite, koma ine a Mbewe ananditumiza ku miphika. Musaganize miphika ya kukhitchini. Chimphika chake munthu ukhoza kulowamo n'kusamba, ndipo mthiko wake unali wautali ngati ine. Kumeneko ndi komwe ndinawapeza aRozina. Mayi wamtali, woonda, wamkulu kwa ine pang'ono, duku lomanga mpaka m'maso. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi ku Mulanje, iwo n'kubadwira konkuno. Tsiku loyamba m'mawa anati, "Takasa." Madzulo anati, "Basi." Ndinabwera kunyumba n'kuwauza bambo anu kuti andipatsa bubu.

Sanali bubu. Ankamvetsera. Jamu akamapsa amasintha kulira kwake. Poyamba amati bwatabwata ngati madzi wamba, kenako amayamba kulemera, phwa, phwa, ngati munthu wonenepa akukwera chitunda cha ku Soche. Pali kamphindi kena pamenepo, ukachedwa wapserera, ukafulumira ndi madzi. Ine ndili mkati mofotokoza za apongozi anga, aRozina ankangokweza chala.

"Iwe Wayilesi, khala chete. Mphika ukuyankhula."

Ana inu, bambo anu analephera kunditseka pakamwa. Ansembe analephera. Koma chala chimenecho chikakwera, ine zii. Anyamata a ku labu ankabwera ndi kachipangizo kawo koyezera, n'kupeza zomwezo zimene khutu la aRozina lanena, n'kuwombana m'manja. Tinapezanso kuti tonse ndife a ku Chilobwe, iwo kumtunda, ine kumunsi. Kuyambira pamenepo minibasi inali imodzi, chimanga chootcha cha pa depoti tinkathyolerana pakati. Ine ndinkati achemwali, iwo ankati iwe. Kondakita akatibera chenji, iwo ankandigwira pa bondo, ine n'kuyamba. Pakamwa pawo panali ine.

Zaka za kusowa

Mukukumbukira nthawi ija shuga anasowa m'masitolo? Inu munkalira tiyi wopanda shuga, ife tinkalira ntchito. Fakitale ya jamu yopanda shuga ndi chiyani? Magetsi nawo azima m'mawa, dizilo wa jenereta kulibe, zinanazi zikuwola pabwalo, ntchentche zikuchita ukwati. A Mbewe ankangoyendayenda: "Titseka, titseka, ine ndanena titseka." ARozina anatenga kamphika kakang'ono, mbaula, n'kukakhala kuseri. Ayesa zinanazi zakupsa kwambiri ndi ndimu, shuga pang'ono. Ayesa magwafa. Ayesa malambe, amene tinkangopangira juwisi. Ine ndinali wolawa. Zina zinali zoti ungapatse mdani wako. Koma jamu wa malambe uja munkanyambita mpaka chivindikiro anabadwira pa mbaula imeneyo, ndipo ndi amene anatisunga pa ntchito.

Mafuta atasowa minibasi zinaima, ife tinkayenda wapansi. Kuchoka ku Limbe, kutsika msewu waukulu, kudutsa pa Chichiri magalimoto atandandalikana pa filing'i sitesheni ngati maliro a munthu wolemera, mpaka kuno. Kuti njira ifupike ine ndinkasewera mabwana onse. Ndikhale a Mbewe: "Titseka, titseka." Ndikhale mzungu wina wokonza makina amene ankati "Muli buwanji amayi." ARozina kuseka kwawo kunalibe mawu, ankangogwira m'mimba n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, misozi ili chuchuchu, n'kumati, "Iwe, undipha, undipha." Njira imeneyo miyendo inkatupa, koma mutandifunsa lero masiku amene ndikufuna abwerere, ndi amenewo.

Chaka chimene kunabwera Madamu

Zinthu zitakhalako bwino kampani inakula, n'kulowa pa msika wa masheya. Kunabwera bwana wamkulu watsopano, mzimayi, wachitsikana ndithu, nsapato za gogoda. Tonse tinkangoti Madamu. Nthawi imeneyo anzanga anali atandisankha kukhala wowayankhulira, nanga akanasankha ndani. Tsiku lina a Mbewe akuti, "Wayilesi, vulani jombo, akukufunani ku hedi ofesi m'tauni." Mayo ine! Ndinakwera chikepe koyamba, m'mimba munatsala pansi. Kulowa m'chipinda, tebulo lalitali, kuzizira ngati mochare, mabwana ali ndii.

Madamu akuti, "Amayi, masheya mumawadziwa?"

"Ndimangomva, Madamu."

"Zili ngati anthu ambiri asonkherana kugula minibasi imodzi. Aliyense ali ndi kagawo kake. Chaka chikatha amafuna kudziwa kuti minibasi yawo ikuyenda bwanji, ndiye timawalembera buku. Lamulo limati m'bukumo tilembe ndalama, nyumba, makina, magalimoto. Za dalaivala lamulo silinena kanthu. Ine ndikufuna chaka chino tilembemo za dalaivala. Zimene anthu athu akudziwa, zimene anatulukira, amene akuwaphunzitsa. Chimenechonso ndi chuma cha kampani, kungoti sichigona m'sefa, chimapita kunyumba madzulo."

Ndinati, "Chimapita wapansi, Madamu, mafuta akasowa."

Anaseka onse kupatula a Nyirenda, mkulu wa ku akaunti. Munthu wa magalasi, waulemu, woyankhula ngati akuwerenga kalata ya m'tchalitchi. Anakonza tayi.

"Madamu, pepani. Palibe watikakamiza zimenezi. Ndipo bukuli saliwerenga eni masheya okha. Amene tikupikisana nawo amaliwerenga kuyambira chikuto mpaka chikuto. Mphika tikhoza kuujambula, sungathawe, tinaumanga ndi mabawuti. Koma munthu ali ndi miyendo."

"Miyendo ali nayo kale, a Nyirenda. Tikamubisa ndiye iduka?"

"Siiduka, Madamu. Koma sitikhala titauza anthu kumene amakhala."

Anakangana, Chingelezi chikuuluka, ine ndikungomwa tiyi wa mkaka. Kenako Madamu ananditembenukira. "Amayi, ku miphika kuja, ndani amene atachoka jamu wathu asintha kukoma?"

Ana inu, funso lake limenelo? Ndinayankha mpaka makapu analira: "ARozina!"

"Ndiye tikufuna dzina lawo, chithunzi chawo, ndi nkhani ya jamu wa malambe. Koma sitilemba iwo asanavomere. Mukawafunse."

Ndinapita Lamulungu titaweruka ku Misa. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Ndinasewera zonse, chikepe, Madamu, tayi ya a Nyirenda, ndikuyembekeza kuti agwa ndi kuseka. Sanaseke. Nandolo akungogwera m'lichero.

"Iwe Wayilesi, Joze atabadwa unathamanga naye kumsika?"

"Ayi."

"Unakhala naye kuti?"

"M'chikuta, mpaka mchombo unagwa."

"Anali mwana woipa?"

"Achemwali, Joze wanga?"

"Ndiye unamubisiranji? Chinthu chabwino ndi chimene chimabisidwa. Mimba unaitchulapo isanaoneke? Agogo anga ankati mbuzi zako usaziwerenge pamaso pa mlendo. Maso a anthu ndi ambiri, ndipo si onse amayang'ana n'kupitirira."

Ndinati, "Achemwali, mwana wanuyo wamera ndevu ali m'chikuta! Mchombo unagwa kalekale! Kwathu ku Nsanje chinthu chabwino chikachitika timaimba nthungululu, mudzi wonse umve. Mwatakasa mphika umenewu mpaka tsitsi lachita imvi. Anthu akudya jamu wanu ku Mzuzu, akuganiza kuti amagwa kumwamba."

Anandisunthira lichero kuti ndisende nawo.

"Ine sindivomera, sindikana. Zaka zonsezi wondiyankhulira ndiwe. Ukawauze chimene mtima wako wakuuza. Chimene unene, ndanena ndine."

Mwaona katundu anandisenzetsa? Mawa lake m'minibasi, ine amene makondakita ankandithawa, ndinakhala chete mpaka dalaivala anafunsa ngati ndikudwala. A Nyirenda sankanama, ndinadziwa. Achemwali sankanama. Ndikanena kuti akana, nkhani yatha, tipitiriza kuthyolerana chimanga mpaka penshoni. Koma tikudutsa pa Chichiri ndinakumbukira madala ena a ku boyila, amene anayatsa moto wa fakitale ija ine ndisanabwere. Atapuma anapatsidwa bulangete. Atamwalira tinapita ku ofesi kukapempha galimoto ya maliro, kamtsikana ka pa desiki n'kutifunsa kuti, "Anali ndani ameneyo?" Sikanalakwe, sikankawadziwa. M'maganizo ndinaona tsiku lina kamtsikana kena kakufunsa kuti, "Rozina anali ndani?" Ndinatsika n'kubwerera m'tauni m'malo mopitirira ku Limbe, n'kukweranso chikepe chija ndekha.

"Madamu, lembani."

Wojambula atabwera aRozina ankanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Ndinaima pambali pawo n'kuwagwira paphewa. Wojambula akuti, "Amayi, inu tatulukani." Ndinasuntha thupi, dzanja ndinalisiya. "Dzanjalonso." ARozina anati, "Dzanjalo lisiyeni." Tsegula bukulo, Grace, liri pansi pa botolopo. Waona zala izo paphewa? Ndi zanga.

Tsiku la msonkhano wa eni masheya anatitenga tonse awiri ku hotela m'tauni. Ine ndinkayesa eni masheya ndi azungu. Kupeza aphunzitsi opuma, azimayi a mabizinesi, madala ena jekete yong'ambika pachigongono. Atatha kuwerenga za ndalama, madala a jekete aja anaimirira, buku lili m'manja.

"Wapampando, mabuku awa ndakhala ndikulandira, manambala okhaokha. Lero ndaonamo munthu. Mayi wa jamu wa malambeyu alipo muno? Chifukwa mkazi wanga sadya buledi popanda ameneyu."

Ndinawakoka achemwali kuti aimirire. Anthu anayamba kuwomba m'manja mwaulemu, phwaphwaphwa, ngati akuopa kudzutsa mwana. Ine ndinati ayi, si choncho. Ndinaika dzanja pakamwa. Lululululu! Mu hotela! Woperekera zakudya anagwetsa masupuni. Azimayi a kumbuyo anandilandira, holo yonse inasanduka chinkhoswe. A Nyirenda anavula magalasi n'kumapukuta. Achemwali anaphimba nkhope ndi buku lomwelo, mapewa akugwedezeka. Kaya ankaseka kaya ankalira, mpaka lero sindidziwa.

Nyengo ya mango yotsatira

Galimoto inabwera Loweruka masana. Yoyera, nambala yachilendo, ikudumpha mabampu a ku Chilobwe, ana akuithamangira. Filipe, mwana wa aRozina, anabwera kudzanditenga. "Anti, amayi akuti mubwere, kwabwera alendo." Ndinapeza bambo wa suti atakhala pa mpando wa ndalema, buku lija lili pamiyendo, lotsegula pa tsamba lomwelo. Chinyanja chake chopindika.

"Dona Rozina, ife tatsegula fabrika ya zipatso ku Mozambique. Makina alipo. Mango alipo, akuwola. Khutu tilibe. Tikufuna mubwere muphunzitse atsikana athu. Nyumba ilipo. Mwana wanu ntchito ilipo."

Atatchula dera lake, achemwali anayang'ana pansi. Kunali kufupi ndi kwawo kwa agogo awo, kumene iwo anali asanapondeko. Amuna awo anali atamwalira, Filipe anali atamaliza sukulu n'kumangokhala. Mlendo atapita anandiyang'ana, kamseko kali pakona pa mlomo.

"Wawaona maso ndinkanena aja?"

"Achemwali, akaneni."

"Tiye tonse. Ndamuuza kuti ndili ndi pakamwa panga, sindiyenda popanda ipo."

Ndikanapita bwanji? Bambo anu anali atayamba kale kudwala, iwe Grace uli ku sekondale. Lolemba ndinakwera chikepe kachitatu, ulendo uno popanda kugogoda. "Madamu, aletseni! Munayambitsa ndinu!" Madamu anayesa, ndisawanamizire. Anawaitana, anawakweza udindo, anawalonjeza zambiri. Achemwali anathokoza mwaulemu n'kunena kuti akufuna akaone kumene agogo awo anachokera. Potuluka ndinakumana ndi a Nyirenda pakhonde. Ndinakonzeka kuti anena kuti ndinanena ine. Ndinali nditasula kale yankho. Iwo anangoti, "Amayi, khalani pansi," n'kundiitanitsira tiyi, n'kukhala nane mpaka ndinamaliza kulira. Tsiku lonyamuka anatumiza galimoto ya kampani kukasiya katundu wa achemwali ku depoti.

Ku depoti ine ndinalira mokweza mpaka oitanira basi anasiya kuitanira. Achemwali anakweza chala chija. Ndinakhala chete.

"Miphika ndakusiyira. Atsikana aja ndawaphunzitsa manja, koma khutu ndaphunzitsa iwe. Uzitseka pakamwa."

Buku la chaka chotsatira linalibe dzina la munthu. Grace unandiwerengera, unati alemba kuti kampani ili ndi antchito aluso ndi odzipereka. Basi. Chithunzi chinali cha mphika.

Zaka zotsala mpaka penshoni

Jamu sanasinthe kwambiri, ena amati sanasinthe n'komwe. Chimene chinasintha ndi minibasi. Chimanga cha pa depoti ndinkagula n'kuthyola pakati mwachizolowezi, kenako n'kumayang'ana theka linalo. Ku miphika ndinakhala ine wokweza chala. Atsikana akamalongolola za zibwenzi zawo ndinkati, "Khalani chete, mphika ukuyankhula," mawu n'kutuluka a achemwali, osati anga. Ndimatha kusewera munthu aliyense, mwaona nokha, koma amenewo sindinkasewera. Ankangobwera.

Poyamba tinkaimbirana foni. Iwo pafoni anali chimodzimodzi, ine ndiyankhule mpaka mayunitsi athe, iwo n'kuti, "Basi." Anandiuza kuti anapeza manda a abale a agogo awo, kuti atsikana a kumeneko amawatcha mphunzitsi, kuti tsamba lija analiika m'felemu pakhoma la fakitale. Kenako tsiku lina kondakita wa basi ya kumalire anandisaka mpaka kundipeza pageti, n'kundipatsa kaphukusi. Botolo la jamu wa malambe, zolemba zake za Chipwitikizi. Ndinalawa ndi chala pomwepo pageti. Ana inu, anali yemweyo. Wa pa mbaula uja, kuseri, nthawi ya kusowa. Ndinawaimbira.

"Achemwali, mwandikhululukira?"

"Chiyani?"

"Ndinakutulutsani m'chikuta."

"Iwe, ndikanafera momwemo. Kunoko ndili bwino. Kungoti kuli zii. Anthu a kuno amayankhula bwinobwino, palibe wondisokosa."

Ndinawasewerera a Mbewe pafoni, "Titseka, titseka," ndipo ndinamva kupuma kuja, kuseka kopanda mawu, kenako, "Undipha, undipha."

Nditapuma ntchito ndinati ndipanga pasipoti ndikawaone. Bambo anu anamwalira, kenako miyendo iyi inayamba, kenako ndinati mvula ithe kaye. Foni imene inabwera inali ya Filipe. Anawaika konko, pafupi ndi abale awo. Sindinaponye dothi.

Joze anandifunsa tsiku lina kuti, amayi, mukanadziwa mukananena kuti lembani? Ndinamuthamangitsa ndi chipande. Koma poti lero tikulemba, ndiyankhe. Ndikanakhala chete, bwenzi achemwali ali kumtunda kuno, bwenzi pano ndikuwasokosa pakhonde, tikusenda nandolo. Zimenezo ndimazifuna tsiku lililonse limene Mulungu walenga. Koma madala a jekete aja sakanaimirira, ndipo ku Mozambique kukanakhala khoma lopanda kanthu. Ndiye kaya. Nthungululu ija ndikanaimbabe. Kungoti ndikanapanga pasipoti msanga.

Jamu anatha kalekale, ndinkadya pang'onopang'ono ndi nsonga ya supuni, inu osakupatsani, ndipo sindipepesa. Botolo sindinalitsuke. Ukatsegula n'kuika mphuno, kafungo kalipobe.

Ndipatse kuno, Grace. Ndipo zimitsa foniyo. Ndikufuna ndikhale chete pang'ono.